Tisanaloze Chala: Mfundo Zofunika Browser Ikasokonezeka

Aliyense wa ife amene amagwira ntchito pa kompyuta analionapo tsiku lotere. Tsamba la pa intaneti limene dzulo linkatseguka bwinobwino lero langoti mbee, lopanda chilembo ngakhale chimodzi. Fomu tadzaza yonse, koma batani lotumizira tikalidina silikuyankha. Kanema akungozungulira osayamba. Nthawi ikutha, bandulo ikutha, mtima wayamba kutentha. Kodi ndi netiweki? Kodi ndi eni webusaiti? Kapena kompyutayi yangokalamba?

Kawirikawiri gwero la vuto limakhala pakhomo pathu pomwe. Limakhala mwa timapulogalamu ting'onoting'ono timene tinawonjezera tokha mu browser yathu, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Edge, timene timatchedwa ma extension. Kena kamatsekereza zotsatsa malonda, kena kamasunga mawu achinsinsi, kena kamakonza Chingerezi chathu tikamalemba, kena kamadetsa tsamba kuti maso asawawe usiku. Timeneti timagwira ntchito mkati mwenimweni mwa tsamba. Timatha kuwerenga zimene zalembedwapo, kuzisintha, ngakhale kuletsa zina kuti zisafike n'komwe. N'chifukwa chake kamodzi kakalakwitsa, ife timangoona tsamba lowonongeka, wolakwayo osaoneka.

Kupeza extension imene yabweretsa chisokonezo ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa munthu wodekha, koma kwa wopupuluma imadya tsiku lonse. Ndipo ine ndimakhulupirira kuti mmene timafufuzira wolakwa m'makina ndi mmenenso timamufufuzira pakati pa anthu. Dzanja limene limathamangira kufufuta zinthu pa kompyuta ndi lomwelonso limathamangira kuloza chala kunyumba ndi kuntchito. Tiyeni tsono, anzanga, tiyende limodzi m'kantchito kameneka, tione zimene kakufuna kwa ife.

1. Tilitchule vuto ndi dzina lake lenileni. Tikakhumudwa timakonda mawu aakulu: "Intaneti yafa," "Kompyutayi ndi yachabechabe." Mawu otere amatsitsako mkwiyo, koma satifikitsa kulikonse. Wofufuza wabwino amayamba ndi mafunso ang'onoang'ono. Ndi tsamba liti limene likuvuta, limodzi lokha kapena onse? Vutolo limabwera ndikangotsegula, kapena ndikadina batani lakutilakuti? Limabwera nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo? Linayamba liti, nanga tsiku limenelo ndinaika chiyani chatsopano? Tingathenso kutsegula tsamba lomwelo pa foni, pa Wi-Fi yomweyo. Chrome ya pa foni za Android silandira ma extension, choncho ngati pa foni zonse zikuyenda koma pa kompyuta ayi, tadziwa kale kuti netiweki ili bwino ndipo webusaitiyo ili moyo. Mafunso onsewa akufuna chinthu chimodzi, kuti tipeze njira yoliitanira vutolo nthawi iliyonse imene tafuna. Tikafika ponena kuti "ndikatsegula tsamba ili n'kudina apa, palibe chikuchitika," ndiye kuti tili ndi muyeso umene tiziubwereza ulendo wonsewu. Popanda muyeso umenewo, tidzadziwa bwanji kuti takonza? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kodi m'mabanja mwathu si momwemonso? "Iwe nthawi zonse umatero" ndi mawu osayankhika, ndipo amangobala anzake osayankhikanso. Koma "dzulo unalonjeza kubwera masana, ine ndinadikira mpaka dzuwa kulowa" ndi nkhani imene anthu awiri angaikhalire pansi n'kuithetsa.

2. Tisanafufuze m'gulu, titsimikize kuti mlandu ulidi m'gulumo. Palibe phindu kupanikiza ma extension athu imodziimodzi ngati vuto lili kwina. Funso loyamba likhale lakuti: onse atazimitsidwa, kodi vutoli likhalapobe? Firefox ili ndi njira yake yotchedwa Troubleshoot Mode, imene imapezeka pansi pa Help, ndipo chisanafike chaka cha 2021 inkatchedwa Safe Mode. Tikaisankha, browser imatseka n'kutsegukanso ma extension onse atagona. Mu Chrome ambiri timathamangira ku windo la Incognito podina Ctrl, Shift ndi N pamodzi, chifukwa m'menemo extension sigwira ntchito pokhapokha ife eni titailoleza. Vuto likapitirirabe m'menemo, ma extension alibe mlandu, ndipo tiwasiye mumtendere, tikayang'ane kwina.

Nanga vuto likazimiririka? Apa ndi pamene ambiri timaterereka, chifukwa mtima umalumpha n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine!" Tidikire kaye. Troubleshoot Mode sizimitsa ma extension okha. Imabwezanso maonekedwe a browser mmene anabwerera, ndipo imazimitsa hardware acceleration, njira imene browser imabwerekera mphamvu za graphics card pojambula tsamba. Nalo windo la Incognito limayamba lopanda ma cookie athu, timafayilo timene mawebusaiti amatisiyira kuti azitikumbukira. Tsono ngati vuto latha, zinthu zingapo zasintha nthawi imodzi, ndipo chilichonse mwa izo chingakhale chimene chathandiza. Chofunika n'kubwerera ku windo la masiku onse, kuzimitsa ma extension onse ndi dzanja lathu, n'kuyesanso. Zili ngati mfumu yanzeru pabwalo. Anthu akabwera n'kunena kuti mbuzi zinasiya kusowa tsiku limene mnyamata wakutiwakuti anachoka m'mudzi, iyo sigamula pomwepo. Imafunsa kuti ndani winanso anachoka sabata imeneyo, imafunsanso kuti khola linakonzedwa liti. Umboni umene ukugwirizana ndi zimene tinkaganiza kale umakoma m'khutu, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuufunsa kawiri.

3. Kuimitsa n'kosiyana ndi kuthamangitsa. Tikalemba chrome://extensions polembapo adiresi mu Chrome, kapena about:addons mu Firefox, timaona mndandanda wa ma extension athu onse. Iliyonse ili ndi kaswichi koiimitsira, ndipo palinso batani lina loichotseratu. Kaswichiko kamasunga zonse. Tikakabweza, extension imadzuka ndi zimene tinaiphunzitsa, mndandanda wa mawebusaiti amene tinawaloleza, ndi zonse zimene tinasungamo. Batani lochotsa limapita nazo zonsezo. Munthu wokwiya amasankha batani lochotsa chifukwa limapatsa mtima kakhutiro kachangu. Koma tiyeni tikumbukire zimene zinachitika pa 4 Meyi 2019. Anthu ogwiritsa ntchito Firefox padziko lonse anangoona ma extension awo pafupifupi onse atazimitsidwa mwadzidzidzi, browser ikunena kuti sikutha kuwatsimikizira. Panalibe extension ngakhale imodzi imene inalakwa. Satifiketi ya Mozilla, imene imachitira umboni kuti extension ndi yovomerezeka, ndiyo inatha nthawi yake. Mozilla inathamanga kukonza, inatulutsa Firefox 66.0.4, ndipo inapempha anthu kuti asafufute ma extension awo poyesa kudzikonzera okha, chifukwa kufufuta kumatenga ndi zosungidwa zomwe. Amene anaugwira mtima anapeza zinthu zawo zitabwerera mmene zinalili. Amene anafufuta mwaukali anayambiranso pachiyambi, atalanga osalakwa n'kudzilanganso okha. Kodi ndi kangati pamene ife tadula ubale, tachotsa wantchito, kapena tatumiza uthenga woti sungabwezedwe, tisanadziwe chimene chinachitikadi? Pamene sitinatsimikize, tisankhe chinthu chimene mawa tingathe kuchibweza. Kuuza munthu kuti "tiye tipume kaye, tikambirane mawa" kumasiya khomo lotseguka, ndipo choonadi chikadzafika chimapeza polowera.

4. Tisinthe chinthu chimodzi, kenako tiyese. Pamene tathedwa nzeru timachita zonse nthawi imodzi. Tazimitsa ma extension atatu, tafufuta ma cookie, tazimitsa rauta n'kuiyatsanso, tayatsanso kompyuta. Tsamba latseguka, tasangalala. Koma chakonza n'chiyani? Palibe angayankhe, ndipo vutolo likadzabweranso sabata yamawa tidzakhala pomwe tinali. Kusintha chimodzi n'kuyesa, kusintha china n'kuyesanso, kumaoneka kochedwa, komatu sitepe iliyonse imatisiyira chidziwitso chimene sichidzatithawa. Tisaiwalenso kutsegulanso tsambalo mwatsopano tikazimitsa extension, chifukwa zimene inasintha kale zimatha kutsalira mpaka tsambalo litabweranso lonse. Kuthetsa vuto n'kwabwino, koma kulimvetsa kumatithandiza ife ndi ena amene adzatifunse.

5. Phiri likakula, tiligawe pakati. Apa pali nzeru yokongola imene ndimalakalaka mwana aliyense wa sukulu ataiphunzira. Tiyerekeze kuti tili ndi ma extension 16, ndipo tatsimikiza kuti wolakwa ali m'gululi. Tikamazimitsa imodziimodzi, tsoka likatigwera tingayese ka 15 tisanamupeze. Koma tiyeni tizimitse 8, tisiye 8 akugwira ntchito, tiyese. Vuto likakhalapobe, wolakwa ali mwa oyaka aja. Likatha, ali mwa ozimitsidwawo. Mulimonse mmene zingakhalire, kuyesa kamodzi kokha kwamasula ma extension 8. Otsalawo tiwagawenso pakati, atsale 4. Tigawenso, atsale 2. Tigawenso, itsale imodzi. Tayesa kanayi basi. Akanakhala 32 tikanayesa kasanu, ndipo ngakhale zinthu zoti tifufuze zitakhala 1,000, kuyesa ka 10 n'kokwanira.

Akatswiri opanga mapulogalamu amadalira nzeru yomweyi tsiku ndi tsiku. Mu Git, chida chosungira mbiri ya mapulogalamu chimene Linus Torvalds anayambitsa mu 2005, muli lamulo lotchedwa git bisect, limene limagawa pakati mbiri ya zosintha zikwizikwi mpaka kupeza kusintha kumodzi kumene kunabweretsa vuto. Chakumapeto kwa 2020 opanga Visual Studio Code anaikamo Extension Bisect, imene imazimitsa theka la ma extension yokha, n'kumangomufunsa munthu ngati vuto likadalipo kapena ayi. Mu browser ntchitoyi timaigwira ndi manja, choncho pepala ndi cholembera zikhale pafupi, tizilemba amene tazimitsa ndi zimene taona, chifukwa mutu wotopa umaiwala msanga.

Chimene chimandikhudza mtima pa njira imeneyi si liwiro lake lokha. Njirayi ilibe tsankho. Siyamba ndi extension imene timaikayikira, kapena imene dzina lake silitisangalatsa, kapena imene anatiikira m'bale wathu amene tinayambana naye. Imaika onse pamzere umodzi n'kufunsa funso limodzi. Nthawi zambiri imatidabwitsa, chifukwa wolakwa amapezeka kuti ndi amene tinkamukonda koposa, amene tikanayenda imodziimodzi tikanamusiya kumapeto. Kodi tili okonzeka kutsatira umboni ngakhale ukulowera kumene mtima sukufuna? Msungichuma wa banki m'khonde amene buku lake silikugwirizana pakutha pa chaka angathe kuyamba kuganizira mayi amene sagwirizana nawo, kapena angathe kutsegula buku pa mwezi wa Juni n'kuona ngati mpaka pamenepo ndalama zinali zokwanira. Akasankha njira yachiwiriyi, pomafika madzulo amakhala atapeza tsamba limene nambala inalembedwa molakwika, ndipo gulu limakhalabe lathunthu.

6. Abwino awiri angathe kusemphana. Kugawa pakati kukatisiyira extension imodzi, ntchito sinathe. Tiyeni tizimitse ena onse, tiyatse yokhayo imene tikuiimba mlandu, tiyesenso. Nthawi zina timadabwa kuona kuti ili yokha sivuta konse. Apa ndiye kuti ili ndi inzake imene imalimbana nayo. Chizindikiro china ndi ichi: tayatsa theka loyamba lokha, zonse zili bwino, tayatsa theka lachiwiri lokha, zonse zili bwinonso, koma tikayatsa onse pamodzi, vuto labwerera. Zikatero, tisiye imene tikuiimba mlandu ija yoyaka, n'kuyambanso kugawa otsalawo pakati mpaka inzakeyo ioneke.

Zoterezi zimachitika kwambiri pamene ma extension awiri apatsidwa ntchito imodzi. Awiri osunga mawu achinsinsi amalimbirana kabokosi kamodzi, aliyense akufuna kudzazamo zake. Awiri odetsa tsamba angathe kusiya zilembo zakuda pamalo akuda, osawerengeka. Awiri otsekereza malonda amapondana mapazi, ndipo n'chifukwa chake Raymond Hill, amene anayambitsa uBlock Origin mu 2014, amalangiza kuti extension yakeyo isagwiritsidwe ntchito pamodzi ndi ina yotsekereza. Ife timaganiza kuti alonda awiri ndi chitetezo chowirikiza, pamene kwenikweni wina amasokoneza zimene mnzake wakonza. Vuto la zinthu zimene zimalakwika pokhapokha zikakumana ndi lenileni moti mu 1999 katswiri wina wa ku Germany, Andreas Zeller, anafotokoza njira yotchedwa delta debugging, imene imafufuza kagulu kochepetsetsa ka zosintha kamene kamabweretsa vuto, ngakhale kaguluko kakhale ka zinthu ziwiri kapena zitatu.

Mfundo imeneyi ndi yolemera, abale anga. Tinazolowera kuti pamene pali mkangano pali woipa, ndipo sitigona mpaka titamupeza. Koma taonani m'makomiti a kumpingo, m'maofesi, ngakhale m'makhitchini a pamaliro. Anthu awiri akhama, oona mtima, amatha kufika posalankhulana chifukwa onse anauzidwa kuti ntchito yomweyo ndi yawo. Aliyense payekha ndi dalitso. Tikangochotsa amene tamupeza poyamba, phokoso limathadi, koma tamusenzetsa yekha mlandu umene unali wa kagawidwe ka ntchito, ndipo amene anagawa ntchitoyo mwina ndi ife tomwe. Chilungamo apa n'kuika malire omveka, uyu agwire izi, uyo agwire izo, kapena kusankha mmodzi mwaulemu popanda kuipitsa dzina la winayo.

7. Timvetsere zimene zikunenedwa kale. Browser sikhala chete ikamavutika, koma ife ndi amene sitiwerenga. Tikadina F12 n'kusankha Console, timaona mizere, ina yofiira, ndipo ambiri timatseka msanga chifukwa cha mantha. Tiyeni tilimbe mtima tiwerenge ngakhale mzere umodzi. Mu Chrome tikaona mawu akuti ERR_BLOCKED_BY_CLIENT, browser ikutiuza kuti chimene tsamba linapempha chatsekerezedwa mkati mwa kompyuta yathu momwe, ndipo kawirikawiri wotsekerezayo amakhala extension yoletsa malonda. Tikaona adiresi yoyamba ndi chrome-extension:// yotsatiridwa ndi zilembo 32, zilembo zimenezo ndi chiphaso cha extension imene yalakwitsa, ndipo tingazifananize ndi zimene zimaoneka pa mndandanda uja tikayatsa Developer mode. Ngati vuto ndi kuchedwa, kudina Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager ya browser, imene imasonyeza chimene chikudya memory ndi mphamvu zambiri. Sitikufunika kumvetsa mzere uliwonse. Mzere umodzi womveka ungathe kutidulira ulendo wonse wa kugawa pakati uja. Kodi si zoona kuti anthu amene timakhala nawo nawonso amatiuza mavuto awo kalekale, koma m'mawu amene sitinazolowere? Mwana wasiya kudya bwino, mnzathu wa kuntchito wayamba kufika mochedwa, mayi athu akubwereza nkhani yomweyomweyo pa foni. Uthenga unabwera, ife tinautseka tisanauwerenge chifukwa unkaoneka wovuta.

8. Chimene tinachikhulupirira dzulo tichionenso lero. Pali mawu amene amatitseka maso: "Imeneyi singakhale, ndakhala nayo zaka zambiri osandivuta." Timaiwala kuti extension imadzisintha yokha mwakachetechete, popanda kutifunsa. Nayo browser siima malo amodzi, chifukwa Firefox ndi Chrome zatsopano zimatuluka pafupipafupi, ndipo zimene zinkagwirizana mwezi watha zingathe kusemphana mwezi uno. Mu 2017 Firefox 57 inasiya kulandira ma extension opangidwa m'njira yakale, ndipo mu 2024 Chrome inayamba kuzimitsa ma extension otsatira malamulo akale a Manifest V2. Dzina pa mndandanda ndi lomwe lija, kachithunzi ndi komwe kaja, koma zamkati zasintha.

Nthawi zina amene wasintha ndi mwini wake. The Great Suspender inali extension yokondedwa ya Chrome, imene inkagoneka ma tab osagwiritsidwa ntchito kuti kompyuta isalemedwe, ndipo inali ndi anthu oposa 2 miliyoni. Mu Juni 2020 amene anaipanga anaigulitsa kwa munthu wosadziwika. Pambuyo pake anthu atcheru anazindikira kuti mwalowa zinthu zokayikitsa, ndipo mu Febuluwale 2021 Google inaichotsa pa Chrome Web Store n'kuizimitsa m'makompyuta a anthu. Ambiri mwa anthu amenewo sanachite chilichonse chatsopano. Anangopitiriza kukhulupirira chimene anachikhulupirira kale.

Apa tsono chala chija chimatembenukira kwa ife. Ndani anaika ma extension onsewa? Ndani anadina batani lovomereza pamene browser inachenjeza kuti extension iyi idzatha kuwerenga ndi kusintha zonse za pa mawebusaiti amene timatsegula, kuphatikizapo a banki ndi a makalata athu? Tinaona ichi n'kuti chithandiza, tinaona icho n'kuti n'chaulere, ndipo lero mndandanda wafika 20, theka lake sitikumbukiranso ntchito yake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sindikunena kuti tizikhala mwamantha kapena tizikayikira aliyense. Kukhulupirira n'kwabwino, ndipo popanda iko palibe ntchito ingayende. Koma amene amakonda chinthu amachiyang'anira. Tipatule nthawi, mwina kamodzi pa miyezi ingapo, titsegule mndandanda uja, tidzifunse pa extension iliyonse kuti: kodi ndikuigwiritsabe ntchito, ndipo mphamvu imene ndinaipatsa ikufanana ndi ntchito imene ikundigwirira? Mndandanda ukafupika, tsiku la mavuto kufufuza kumafupikanso.

9. Tikamupeza wolakwa, tichite naye mwaulemu. Tafika pa extension imodzi. Taizimitsa, vuto latha. Taiyatsanso, vuto labwerera. Umboni wakwana. Choyamba, tiyatsenso osalakwa onse aja amene tinawaimitsa, chifukwa kuwasiya ogona chifukwa cha mlandu wa wina si chilungamo, ndiponso ena mwa iwo ndi amene amatiteteza. Kenako tiganize modekha za wolakwayo. Kodi pali mtundu wake watsopano umene wakonza kale vutoli? Kodi ikuvuta paliponse kapena pa webusaiti imodzi yokha? Ngati ndi imodzi yokha, palibe chifukwa choichotsera. uBlock Origin ili ndi batani lalikulu loizimitsira pa webusaiti imene tili pomwepo, kwina konse n'kumapitiriza ntchito, ndipo Chrome imatilola kusankha kuti extension izigwira pa mawebusaiti otchulidwa okha kapena pokhapokha titaidina. Extension imene yatitumikira bwino pa masamba mazanamazana n'kupunthwa pa limodzi ikufunika malire, osati kuthamangitsidwa. Koma ngati tapeza kuti ikuba zinsinsi zathu kapena ikutitengera ku masamba amene sitinapemphe, pamenepo tisazengereze, tiichotse ndipo tisinthe mawu athu achinsinsi.

Chatsala ndi kuuza eni ake. Ambiri mwa opanga ma extension ndi anthu wamba ogwira ntchitoyi usiku atatopa ndi ntchito zina, popanda malipiro. Raymond Hill salandira ngakhale zopereka chifukwa cha uBlock Origin, ndipo mindandanda monga EasyList, imene ma extension otsekereza malonda amadalira, imasamalidwa ndi anthu ongodzipereka. Kodi munthu wotere timuthokoze ndi nyenyezi imodzi ndi mawu achipongwe? Iye sangakonze chimene sakutha kuchiona, ndipo ife amene tayenda ulendo wonsewu tili ndi zonse zimene akufuna. Timulembere dzina la browser ndi nambala yake, nambala ya extension, adiresi ya tsamba, zimene tinachita motsatana, zimene tinkayembekezera, ndi zimene zinachitika m'malo mwake. Tinene kuti tinayesa ma extension ena onse atazimitsidwa, kapena titchule dzina la inzake imene ikusemphana nayo. Tikamaika chithunzi cha sikirini, tibise mayina, manambala a akaunti ndi zina zachinsinsi. Ndipo ngati m'mawa tinawaimbira foni anzathu a IT kuntchito n'kuwalankhula mokalipa kuti makina awo afa, tiwaimbirenso masana. Tiwauze dzina la extension imene inayambitsa zonsezi ndi mmene taipezera, kuti mnzathu wa pa desiki loyandikana akadzakumana nazo, adzathandizidwe m'mphindi zisanu.